Nkhongo ya mwana yaphwatalala: kodi tigulitse ng'ombe tigule chisoti?

 Sabata ino tiyeni tikambirane za mutu wa khanda.

Palibe mudzi kuno umene ulibe mwana wake ku Joni, ku Maputo, ku Beira kapena ku Lilongwe. Kale tinkamva za iwo pa kalata yofika patapita miyezi, koma lero chithunzi cha mdzukulu wobadwa m'mawa chimafika pa foni dzuwa lisanalowe. Pamodzi ndi zithunzizo pakubweranso nkhawa zachilendo, ndipo ina mwa izo ndi iyi: mwana wakwanitsa miyezi inayi kapena isanu, nkhongo yake yaphwatalala ngati yochita kusema, kapena mutu wapendekera mbali imodzi, ndipo wina kumeneko wauza makolo ake kuti kuli chisoti chapadera chowongolera mutu, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Tsono foni imalira kumudzi: agogo tithandizeni, amalume tithandizeni. Kumudzi kuno ndalama zochuluka chotero zimapezeka potsegula khola, kapena pogulitsa kachewere yense nthawi imene mtengo wake uli pansi.

Ngakhale inu amene mulibe m'bale kunja, nkhaniyi ndi yanu. Apongozi akaona nkhongo ya mdzukulu yathyathyathya amaloza chala mayi wa mwana, amvekere, "Simunamuumbe mwanayu ali m'chikuta." Mayi nayenso amagona ndi nkhawa, kuganiza kuti mwina ubongo wa mwana wake wapanikizika ndipo adzakhala wogona m'kalasi. Mawu anga kwa nonsenu ndi awa: musagulitse kanthu, musakangane, musamange mwana mutu, musanadziwe kuti vutolo ndi la mtundu wanji. Mitu yambiri yophwatalala imawongoka yokha. Koma ilipo ina yochepa yofunika chipatala msanga, ndipo imeneyo chisoti pachokha sichingaichiritse.

Mphika wauwisi

Chigaza cha munthu wamkulu chili ngati mphika wootcha kale. Cha khanda ndi mphika wauwisi. Si fupa limodzi ayi, koma mafupa angapo opyapyala olumikizana pa misoko yofewa, ndipo pamene misokoyo yakumana m'pamene pali liwombo. Zili chomwechi pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti mutu uthe kupanikizika podutsa pa njira yobadwira. Chachiwiri n'chakuti ubongo upeze malo okulira, poti m'chaka choyamba chokha ubongo wa mwana umakula kuwirikiza kawiri. Mwana akamabadwa mutu wake umakhala wa masentimita pafupifupi 35 kuzungulira, koma pokwanitsa chaka umakhala utafika pafupifupi 46. Kaliwombo kakang'ono ka kunkhongo kamatseka pa miyezi iwiri kapena itatu, pamene liwombo lalikulu la pamwamba limatseka mwana ali ndi chaka mpaka chaka ndi theka, ena amafika nalo pafupi ndi zaka ziwiri.

Ana ambiri amabadwa ndi mutu wosongoka kapena wopendekeka chifukwa cha kupanikizika kwa pobadwa. Umenewu umabwerera wokha m'masiku kapena masabata ochepa. Apa m'pamene agogo athu amathowa mutu ndi kansalu kofunda n'kumausisita, ndipo ukazungulira bwino ulemu umapita kwa iwo. Sitikuwalanda ulemuwo, chifukwa manja a agogo amatonthoza mwana ndi mayi yemwe. Koma chilungamo chake n'chakuti mutuwo ukanazungulira ngakhale popanda kuthowa. Kusisita pang'onopang'ono n'kosalakwika, bola madzi asakhale otentha. Kukanikiza ndi mphamvu ndiye ayi, makamaka pa liwombo.

Kuphwatalala kumene tikunena lero kumabwera pambuyo pake, kawirikawiri pakati pa mwezi wachiwiri ndi wachinayi. Amayi oumba mbiya akudziwa kuti mphika wauwisi ukausiya chogona, mbali yogunda pansiyo imaphwatalala. Khanda limagona maola ochuluka, khosi lake silinalimbe, ndipo likazolowera kutsamira malo amodzimodzi usiku ndi usana, malo amenewo amasiya kutukuka pamene mbali zina zikukula. Malowo akangoyamba kuphwatalala mutu umagwera komweko nthawi zonse, ndiye vuto limanka likulirakulira. Choumba mutu si kukanikiza kwa mphindi zochepa, koma kutsamira kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku. Ana amene zimawachitikira kawirikawiri ndi mapasa, popeza amapanikizana m'mimba, ana obadwa masiku asanakwane, popeza mafupa awo ndi ofewa kwambiri, ndi ana a khosi lolimba mbali imodzi.

Chachikulu choti mumve ndi ichi: kuphwatalala kobwera chifukwa cha kagonedwe sikufinya ubongo. Misoko imakhala ikadali yotseguka, ubongo umakula bwinobwino, chasintha ndi maonekedwe a mphika basi, osati zimene zili m'kati.

Kumene chisoti chinachokera

Nanga n'chifukwa chiyani nkhaniyi inakula kwambiri kumaiko a azungu? M'chaka cha 1992, chaka chomwe ife tinalandira mtendere wosainidwa ku Roma, bungwe la madokotala a ana ku America linalangiza makolo kuti aleke kugoneka makanda chafufumimba. Anali ataona kuti ana ogona chafufumimba ndi amene ankafa kwambiri mwadzidzidzi ali m'tulo, osadwala. Mu 1994 anayamba kulalikira uthengawu dziko lonse kuti mwana azigona chagada, ndipo m'zaka khumi imfa zoterezi zinatsika ndi theka. Zikwi za ana zinapulumuka. Koma walira mvula walira matope: ana ogona chagada usiku wonse, masana n'kukhalanso m'timipando ta m'galimoto ndi m'tingolo tokankha, anayamba kuphwatalala nkhongo mwaunyinji. Malonda a zisoti anakulira pamenepo.

Kuti muone kuchuluka kwake, mu 2013 ofufuza a mumzinda wa Calgary ku Canada anafalitsa zimene anapeza atayeza makanda 440 a masabata 7 mpaka 12. Pafupifupi theka la anawo anali ndi mutu wophwatalala penapake, ngakhale kuti ambiri mwa iwo kunali kuphwatalala kwapang'ono. Ku Auckland, m'dziko la New Zealand, ofufuza ena anatsatira ana 200 kuyambira ali akhanda mpaka zaka ziwiri, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2004. Pa miyezi inayi, mwana mmodzi mwa asanu alionse anali ndi vutoli. Pokwanitsa chaka anatsala 7 pa 100 alionse, ndipo pa zaka ziwiri anatsala 3 okha pa 100. Mwana akayamba kudzutsa mutu, kugubuduka, kukhala pansi ndi kukwawa, nkhongo imapuma ndipo mutu umadzikonza wokha.

Kuno kwathu mbereko yakhala ikutiteteza osadziwa. Mwana wakumsana nkhongo yake siigunda pansi, ndipo mwana woyamwa mabere onse awiri amatembenuzidwa uku ndi uku kangapo pa tsiku. Koma zinthu zikusintha. M'matauni mwabwera timipando ndi timabedi togonekapo mwana tsiku lonse. Kumudzi nako alipo ana amene amaswera pa mphasa, mayi ali pa ganyu, wowayang'anira ali mchemwali wawo wa zaka zisanu ndi ziwiri amene sangathe kuwabereka nthawi yaitali. Mayi wa mapasa sangabereke onse awiri tsiku lonse, ndiye mmodzi amagona kwambiri kuposa mnzake.

Chisoticho n'chotani?

Chimafanana ndi capacete ya anyamata a njinga zamoto, koma n'chopepuka, chapulasitiki kunja, chofewa m'kati. Sichifinya mutu. Chimakhudza malo otukuka n'kusiya mpata pa malo ophwatalala, kuti mutu ukamakula ukulire mumpatamo. Pachifukwa chimenechi amachipanga poyeza mutu wa mwana mmodzi yekhayo, ndipo katswiri amayenera kuchisema m'kati sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse, poti mutu ukukula. Mwana amachivala maola 23 pa tsiku kwa miyezi ingapo, kuchivula posamba pokha. Nthawi yake yabwino yoyambira ndi pamene mwana ali ndi miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Akapitirira chaka mafupa amakhala atalimba ndipo phindu lake limachepa kwambiri.

Apa mwaona kale kuti chisoti si chinthu choti m'bale angatumize pa basi kuchokera ku Joni, kapena chobwereka kwa mwana wina amene wasiya kuvala. Chisoti chosayezedwa pa mutu wa mwana wanu chikhoza kumutupitsa zilonda, ndipo chopanda wochikonza chimathina pakangopita masabata ochepa. Wosankha chisoti wasankhanso kukhala pafupi ndi katswiriyo miyezi yonseyo.

Tsono funso lenileni nali: kodi chimathandiza? Mu 2014 magazini ya madokotala ya British Medical Journal inafalitsa kafukufuku wa ku Netherlands, wotsogoleredwa ndi Renske van Wijk wa pa yunivesite ya Twente. Anatenga ana 84 a miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, onse a mitu yophwatalala moonekeratu, n'kuwagawa pawiri mwamaere. Gulu lina analiveka zisoti kwa miyezi isanu ndi umodzi, gulu lina analisiya osaliveka kanthu. Anawo atakwanitsa zaka ziwiri anawayezanso. Mitu inali itawongokerako m'magulu onse awiri mofanana. Amene anawongokeratu anali 10 mwa ana 39 a chisoti, ndi 9 mwa ana 40 opanda chisoti. Kuwonjezera apo, makolo onse a ana ovala chisoti anadandaulapo kanthu: khungu kufiira ndi kunyerenyetsa, thukuta, fungo, ndiponso kulephera kumukumbatira bwino mwana. Amenewo anali ana a kudziko lozizira. Taganizani khanda litavala pulasitiki maola 23 mumzinda wa Tete mwezi wa Novembala.

Kuti tisakondere, tinenenso mbali inayo. Kafukufukuyu sanaphatikizemo ana a mitu yophwatalala koopsa zedi, ana obadwa masiku asanakwane, kapena a khosi lolimba. Madokotala ochita opaleshoni ya mutu ku America, m'malangizo awo a mu 2016, anati chisoti chili ndi malo ake kwa mwana amene mutu wake wapendekeka kwambiri ndipo sukusintha ngakhale makolo ayesetsa kusintha kagonedwe ndi kumuchititsa mafizo. Koma nawonso anaika chisoti pambuyo, osati poyambira. Ku Britain zipatala za boma kawirikawiri sizipereka zisotizi, ponena kuti umboni woti zimathandiza ndi wosakwanira. Wochifuna amakagula yekha pa mtengo wa mapaundi 2,000 kapena kuposa, zimene zikupitirira meticais 150,000. Zimenezo ndi ng'ombe zingapo, ndi feteleza wa zaka zingapo, ndi sukulu ya ana onse a pakhomo. Ndipo zonsezo n'zokonzera maonekedwe, osati kupulumutsa moyo kapena nzeru za mwana.

Zimene mungachite osalipira kanthu

M'mera m'poyamba. Mukaona msanga, mwana ali ndi miyezi iwiri kapena itatu, ntchito yake imakhala yopepuka.

Poyamba phunzirani kuyang'ana. Mukamusambitsa, tsitsi likadali lonyowa, mumukhazike pamiyendo n'kuyang'ana mutu wake kuchokera pamwamba. Mwana wophwatalala chifukwa cha kagonedwe mudzaona kuti mbali yophwatalalayo khutu lake lasunthira kutsogolo pang'ono, ndipo chipumi cha mbali yomweyo chatukukako. Ngati amagona choyang'ana kumwamba nthawi zonse, nkhongo yonse imakhala yathyathyathya ndipo mutu umaoneka wotambalala.

Chachiwiri, pogona mwana azigonabe chagada. Apa ndikupemphani mumvetsetse, chifukwa ena akamva nkhaniyi adzati ndiye tizimugoneka chafufumimba kuti nkhongo isaphwatalale. Ayi ndithu. Nkhongo imawongoka, koma mwana wobanika m'tulo sabwerera. Chosintha ndi mbali imene mutu wayang'ana: lero kumanja, mawa kumanzere. Khanda limakonda kuyang'ana kumene kukuchokera kuwala ndi kumene kuli mayi ake. Ngati khomo kapena zenera lili kumanja kwake masiku onse, nayenso adzayang'ana kumanja masiku onse. Tsono mutembenuzeni, kumene kunali miyendo kukhale mutu. Mayi amene mumagona naye m'neti imodzi, muzisintha mbali imene mukumugoneka. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi samalani kuti bulangete lisamuphimbe kumaso, ndipo munthu amene wamwa mowa asagone pafupi ndi khanda.

Chachitatu, akakhala maso muzimuika chafufumimba pa mphasa kapena pachifuwa panu, inu muli pomwepo kumuyang'ana. Poyamba adzalira pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri, koma pang'onopang'ono adzazolowera, khosi ndi mapewa zidzalimba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, m'malangizo ake a mu 2019 linati mwana amene sanayambe kukwawa azikhala chafufumimba mphindi zosachepera 30 pa tsiku, zogawa pang'onopang'ono, ali maso. Akayamba kusinza mutembenuzeni chagada. Iyi ndi ntchito imene abambo angagwire madzulo pakhonde, mayi akuphika.

Chachinayi, mbereko musaitaye. Mukamubereka onani kumene tsaya lake latsamira, ndipo ulendo wina mumutembenuzire mbali inayo. Komabe asakhale womangika kumsana kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nthawi yolima n'zovuta, tikudziwa, koma mukamutsitsa kuti ayamwe mupatseni kanthawi atambasule manja ndi miyendo pa nsalu. Amene mumamwetsa mwana mkaka wa m'botolo muzisintha mkono womunyamulira, monga zimachitikira poyamwitsa.

Chachisanu, pali zinthu zoti musachite. Musamange mutu wa mwana ndi nsalu kapena mphira. Musamuikire pilo. M'masitolo ndi pa intaneti mukugulitsidwa timapilo tokhala ndi dzenje pakati, amati n'toumbira mutu. Mu 2022 bungwe la boma la America loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala, FDA, linachenjeza makolo kuti asagwiritse ntchito timapilo timeneti, chifukwa palibe umboni woti timathandiza ndipo mwana akhoza kubanika nato. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukachita zimenezi mosadumphitsa, perekani miyezi iwiri kapena itatu. Kusintha kwake n'kwapang'onopang'ono, simungakuone tsiku ndi tsiku. Amene muli ndi foni jambulani mutuwo kuchokera pamwamba kamodzi pa mwezi, mudzafananize. Mwa ana ena kamalo kophwatalala pang'ono kamatsalabe, koma tsitsi likamera palibe amene amakaona.

Mitu imene siyenera kudikira

Tsopano tifike pa mbali imene ndalama ndi miyendo yanu ziyenera kugwira ntchito. Pali zizindikiro zimene mukaziona musadikire kuti ziwongoka zokha.

Choyamba ndi khosi. Ngati mwana amayang'ana mbali imodzi yokha, mukamutembenuza amalira kapena amabwerera komweko, mutu wake wapendekera phewa limodzi, kapena amakana bere limodzi nthawi zonse, mwina mnofu wa m'khosi, wochokera kuseri kwa khutu kutsikira pamwamba pa chifuwa, ndi wofupika mbali imodzi. Nthawi zina pamnofupo pamamveka kachotupa kolimba. Mwana wotere ngakhale mumutembenuze chotani nkhongo siingawongoke khosi lisanamasuke. Mankhwala ake ndi kuwongola mnofuwo mwaluso, ntchito ya a fisioterapia, amene anzathu a ku Malawi amati a mafizo. Akakuonetsani kachitidwe kake mumakapitiriza kunyumba, ndipo ana ambiri oyamba msanga amachira. Musamupotoze khosi nokha musanaphunzitsidwe.

Chachiwiri ndi msoko wotseka nthawi isanakwane. Zimachitika mwa mwana mmodzi pa ana 2,000 kapena 2,500 obadwa. Mutu umakhala wachilendo kuyambira pobadwa ndipo m'malo mosintha umanka uipiraipira: wautali ndi wopyapyala ngati bwato, kapena chipumi chosongoka, kapena diso limodzi lokwera kuposa linzake. Mukapapasa pamsokopo pamamveka kamzere kolimba kotukuka, ndipo nthawi zina liwombo limasowa msanga. Apa ubongo ukhoza kusowa malo okulira. Chithandizo chake ndi opaleshoni, ndipo imayenda bwino mwana asanakwanitse chaka. Kuumba, kutembenuza ndi chisoti chogula sizingatsegule msoko wotseka.

Chachitatu ndi mutu wokula mofulumira kuposa thupi, misempha ya pamutu yooneka kwambiri, liwombo lotambalala ndi lotukuka, maso oyang'ana pansi ngati dzuwa likulowa. Amenewo ndi madzi odzadza m'mutu, ndipo kawirikawiri amabwera mwana akadwalapo matenda otentha thupi ali wakhanda. Si ufiti, si tsoka la mayi. Madokotala amatha kuwatulutsira njira madziwo, koma mwezi uliwonse wochedwa umawononga ubongo. Mutu wochepa kwambiri, wosakula, nawonso ndi wofunika kuonetsa.

Chachinayi ndi liwombo lenilenilo. Likatukuka n'kulimba mwana ali phee osalira, thupi likutentha, akukana bere, akusanza kapena kukomoka, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Likalowa m'kati mwana akutsegula m'mimba kapena kusanza, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Ana ambiri tawataya tikumata mankhwala pa liwombo pamene thupi likufuna madzi. Liwombo silidwala palokha, limangotiuza zimene zikuchitika m'thupi. Pitirizani kuyamwitsa pafupipafupi, mupatseni madzi a paketi aja a SRO, amene tsidya linalo amati Thanzi, ndipo thamangani naye kuchipatala.

Chachisanu ndi kakulidwe. Mwana amene wafika miyezi inayi osatha kuimika mutu, kapena miyezi isanu ndi inayi osatha kukhala yekha, kapena wolobodoka thupi lonse, akaonedwe. Mwa ana otere si nkhongo imene yachedwetsa mwana, koma kufooka kwa mwana ndi kumene kwamugoneka malo amodzi mpaka nkhongo kuphwatalala. Chofunika kufufuza ndi gwero la kufookako, kaya ndi kuperewera kwa zakudya kaya matenda ena.

Poyambira ndi pafupi pomwepa, pa centro de saúde pamene mumapita ndi mwana ku sikelo, kapena tinene ku peso monga tinazolowera. Musangoyezetsa kulemera n'kubwerera. Pemphani anamwino kuti ayeze mutu ndi tepi, alembe pa khadi, apapase liwombo ndi misoko, aonenso ngati khosi likutembenuka mbali zonse ziwiri. Muyeso umodzi sunena zambiri, koma miyeso ya miyezi yotsatizana imaonetsa ngati mutu ukukula moyenera. Akakayikira adzakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu, monga cha ku Ulóngwe, ndipo kukafunika adzakutumizani ku Hospital Provincial de Tete, mwinanso mpaka ku Beira kapena ku Maputo. Ambiri a m'malire mumaoloka kupita ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza chifukwa ndiko kufupi. Kulikonse kumene mungapite nyamulani khadi la mwana. Ngati pali ng'ombe yoti igulitsidwe chifukwa cha mutu wa mwana, igulitsidwe kaamba ka ulendo umenewu.

Kwa amene auzidwa kuti agule

Mwana wanu wa kutauni akaimba foni kupempha ndalama ya chisoti, musamukalipire, poti chimene chamugwira ndi chikondi ndi mantha. Mufunseni modekha mafunso awa, nayenso akafunse kumeneko. Kodi mwanayo waonedwa ndi dokotala wa ana amene sagulitsa zisoti? Wogulitsa mbuzi sanganene kuti mbuzi yake ndi yoonda. Kodi dokotalayo watsimikiza kuti misoko ndi yotseguka ndipo khosi lili bwino? Kodi kuphwatalalako akuti n'kwapang'ono, kwapakatikati kapena kwakukulu? Kodi ayesa kusintha kagonedwe ndi kumuika chafufumimba kwa miyezi iwiri yathunthu? Kodi mtengo umene anenawo ukuphatikiza maulendo onse okakonzetsa, nanga chikathina adzalipiranso china? Ndipo funso lomaliza, limene dokotala woona mtima sangalizembe: tikapanda kugula, chidzachitike n'chiyani kwa mwanayu?

Ngati kuphwatalalako n'kwapang'ono kapena kwapakatikati, yankho lake mwalimva kale kuchokera ku Netherlands. Ngati n'kwakukulu, nkhope yayamba kupendekeka, njira zina zonse zayesedwa, katswiri ali pafupi ndipo banja lingathe kulipira popanda kugona ndi njala, amene wasankha chisoti sanalakwe. Koma amene walephera kugula asadziimbe mlandu ngati wamana mwana wake mankhwala. Sanamumane moyo, sanamumane nzeru.

Inu apongozi ndi anankungwi, maso anu ndi amene amayamba kuona zimene mayi wachisodzera sanazione, ndipo mawu anu ndi amene amamveka pakhomo. Mukaona nkhongo ya mdzukulu yaphwatalala musayambe ndi kunyoza. Funsani kuti amagona choyang'ana kuti, mutembenuzeni khosi pang'onopang'ono ndi chala kapena kachiwaya kolira muone ngati akutsatira mbali zonse, ndipo tsiku la sikelo muperekezeni mayiyo. Inu abambo, ndalama ya chapa yopita kuchipatala isakhale yochita kupempha kawiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kamutu ka khanda kamafuna maso a banja lonse.

Amene mwawerenga tsamba lino muwawerengereko anzanu amene maso awo safika pa zilembo, makamaka amayi amene ali ndi makanda osakwana miyezi isanu ndi umodzi, poti nthawi yawo yochitapo kanthu ndi inoyi.